Matumba Onenepa Asalande Bwalo la Amanja a Oilo

Pitani ku Cadwell Park, ku Lincolnshire, m'mamawa wa tsiku la mpikisano wa njinga zamoto zakale. Mukapeza bambo wa imvi atagwada pa udzu wa mame, sipanala ili kukamwa, akukunga tcheni cha njinga imene inapangidwa iye asanamere mano. Wagona m'vani yake, tiyi waphika yekha pa kasitovu. Mkazi wake wagwira wotchi ndi kope lolembamo nthawi. Njingayo ilibe sitata, ilibe kiki. Amaiika m'giya, n'kuikokera m'mbuyo mpaka pisitoni italimba, kenako n'kuthamanga nayo chokankha, phi! pa chishalo. Injini ya silinda imodzi imadzuka ngati mphambe, fungo la mafuta a nsatsi opserera n'kudzaza bwalo lonse. Munthu ameneyu ndiye mwini wake wa masewerawa, ndipo akulandidwa dzuwa likuswa mtengo.

Olanda akewo amakonda kuiwala mmene nkhaniyi inayambira, choncho tiyeni tiwakumbutse. Norton Manx, AJS 7R, Matchless G50 ndi BSA Gold Star zinapangidwa kuti zigulitsidwe kwa munthu wodzilipirira yekha, wopanda kampani kumbuyo kwake. AJS 7R itatuluka mu 1948 anthu anaipatsa dzina loti Boy Racer, chifukwa inali njinga ya mnyamata woyamba kumene. Matchless G50 inabadwa mu 1958 pa fakitale yomweyo ya ku Plumstead, mu London. Gold Star ndiye inali ya munthu wamba weniweni: ankapita nayo kuntchito mkati mwa sabata, Loweruka n'kumasula nyali, n'kulemba nambala pambali, n'kukalowa m'bwalo. Aliyense amene anaonapo makanika akuphwasula injini ya kabaza pansi pa mtengo wa mango akudziwa ubwino wa silinda imodzi. Pisitoni ndi imodzi, kabuleta ndi imodzi. Munthu mmodzi atha kuyala injini yonse patebulo, n'kuidziwa chiwalo chilichonse monga amadziwira zala zake.

Musaganize kuti kuphweka kwake kunali kufooka. Mu 1960 Derek Minter anazungulira msewu wa m'mapiri wa ku Isle of Man, wotalika mamailosi 37.73, pa liwiro loposa mamailosi 100 pa ola, ali pa Norton, woyamba kuchita zimenezo ndi silinda imodzi. Mu 1965 Paddy Driver wa ku South Africa anamaliza chaka ali wachitatu padziko lonse pa 500cc ndi Matchless yake, atapitiriridwa ndi Mike Hailwood ndi Giacomo Agostini okha, amene anali pa njinga za fakitale ya MV Agusta. Jim Redman anachoka ku Bulawayo n'kukayamba mipikisano ya ku Ulaya pa Norton dziko lisanamudziwe ngati katswiri wa Honda. Mu 1969 Godfrey Nash anapambana Grand Prix ya ku Opatija, ku Yugoslavia, pa Manx imene fakitale inali italeka kale kupanga. Njinga zimenezi zinali makwerero a wosauka.

Kenako zinatayidwa. Norton inasiya kupanga Manx mu 1962, Gold Star inatha mu 1963, ndipo kampani ya AMC, mwini wa AJS ndi Matchless, inagwa mu 1966. Colin Seeley anagula zida zopangira G50 n'kupitiriza kwa zaka zingapo, koma Yamaha itabwera ndi tinjinga take topepuka ta two-stroke, masilinda amodzi anasesedwa m'mabwalo ngati zinyalala. Pa nthawi imeneyo olemera anali kuti? Ndani anazitola m'mashedi zikudya dzimbiri? Anali amakanika, owotcherera zitsulo, oyendetsa malole, anthu amene ankamana pakamwa pawo kuti agule pisitoni. Ndi okonda njinga zakalezi amene anayambitsa Classic Racing Motorcycle Club mu 1979. Khama lawo ndi limene linachititsa kuti Manx Grand Prix, mpikisano umene unayamba mu 1923 ngati wa anthu osalipidwa, utsegule gawo la njinga zakale mu 1983. Chaka chotsatira Dave Roper wa ku America anapambana pa msewu wa TT, wa ku Isle of Man uja, ali pa G50. Munda anaulima ndi awa, khasu lili m'manja, mvula ikuwavumba. Lero chimanga chacha, okolola abwera ena.

Wolanda woyamba ndi wosonkhanitsa. Amapita kumsika wa okishoni, n'kuponya ndalama zimene wokonza injini sadzazigwirako moyo wake wonse, n'kukaimika Manx pabalaza, pafupi ndi kabati ya mbale. Oilo amachotsamo kuti asadetse kapeti. Njinga imene inapangidwa kuti ibangule imasanduka chithunzi, ndipo mtengo umene iye walipira umakokera m'mwamba mtengo wa kachitsulo kalikonse kotsala. Iye amati akusunga mbiri. Ine ndikuti akuikwirira yamoyo. Ng'oma yopachika kudenga si ng'omanso, ndi chikopa chouma pa chipika.

Wolanda wachiwiri ndi woopsa kwambiri chifukwa amalowa m'bwalo mwenimweni. Amafika ndi lole yokhala ndi khitchini mkati, amakanika ovala yunifolomu, injini zapadera zili m'mabokosi. Njinga yake yalembedwa Norton pathanki, koma palibe bawuti imodzi imene inaona chaka cha 1962. Ndipo iye sakwerapo. Walemba ganyu katswiri amene sabata yatha anali pa njinga zamakono za fakitale. Bambo wa imvi uja, ndi magiya ake anayi ndi mabuleki a dilamu amene amafooka akatentha, amauzidwa kuti aime pamzere umodzi ndi ameneyu, ati mpikisano wachilungamo. Chilungamo chake chiti?

Ndisanamiziridwe kuti ndikudana ndi zipangizo zatsopano. Chitsulo chimatopa. Magnesium imene ankaumbira mabokosi a injini zimenezi imang'aluka ikakalamba, ndipo injini yophulikira pakona imapha. Amisiri ngati Andy Molnar wa ku Preston, amene amapanga Manx zatsopano ndi masipeyala ake, apulumutsa masewerawa. Popanda anthu otere mabwalo akanakhala zii. Vuto likubwera pamene chatsopanocho chasiya kutsanzira chakale n'kuyamba kuchiposa mwadala. Manx ya 1962 inali ndi pisitoni ya mamilimita 86 ndi magiya anayi. Lero mupeza za pisitoni yotambalala kuposa pamenepo, injini yozungulira msanga kwambiri, magiya asanu ndi limodzi, ndi zitsulo zopepuka zimene amisiri a Norton a ku Bracebridge Street, ku Birmingham, sanazigwirepo. Kuitcha njinga yotere yakale, n'kuipikisanitsa ndi yakaledi pa chikho chimodzi, ndi bodza lovala chipewa cha agogo.

Amene akufuna kuona kumene njirayi ikupita ayang'ane ku Isle of Man. Classic TT itayamba mu 2013, gawo la 500cc linadzaza mayina akuluakulu, ndipo pamwamba panakhala Paton ya ku Italy, ya masilinda awiri, yopangidwa masiku athu ano. John McGuinness anapambana nayo mu 2016. McGuinness ndi ngwazi, palibe wotsutsa. Koma wa silinda imodzi wodzilipirira yekha anatsala akumenyera malo amene kamera siifikako. Chilumba chomwecho chili ndi phunziro lakale. Clubman's TT inayamba mu 1947 kuti munthu wamba apikisane pa njinga ya mumsewu. Pofika 1955 ndi 1956 pafupifupi aliyense anali pa Gold Star, popeza ina iliyonse inalibe mwayi, ndipo itatha 1956 mpikisanowo unachotsedwa pa TT. Wopambana akamadziwika mbendera isanagwe, anthu amasiya kubwera. Nthawi ija chinali chitsulo chimodzi chimene ambiri akanatha kugula. Lero ndi chikwama, ndipo chikwama sichigulidwa.

Alipo amene amati mpikisano ndi mpikisano, wachangu apambane, wotsala alire. Amenewa ali ndi kwawo. Kuli MotoGP, kuli British Superbike, kumene ndalama zimalankhula poyera ndipo palibe wodabwa. Kulinso Goodwood Revival, kumene akatswiri amalimbirana chikho chokumbukira katswiri Barry Sheene pamaso pa khamu lovala zakale. Chimenecho ndi chionetsero, ndipo n'chokoma. Koma kalabu inakhazikitsidwira china. Inakhazikitsidwira wogwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, amene chigonjetso chake n'chakuti injini imene anamanga yekha usiku yamaliza mpikisano osatsokomola. Mukamuthamangitsa ameneyu, mudzatsala ndi njinga khumi zonyezimira pa bwalo lopangidwira makumi anayi, ndipo lendi ya bwalo idzakukanikani.

Lendiyo ikukwera kale. Ku Mallory Park, ku Leicestershire, mkangano wa phokoso unafika kukhoti, ndipo kampani yoyendetsa bwalolo inagwa mu 2013, bwalo n'kudzatsegulidwanso chaka chotsatira. Masiku ololedwa phokoso akachepa, tsiku lililonse limadula, ndipo woyamba kulephera ndalama yolowera ndi wa vani uja, osati wa lole. Oyandikana ndi bwalo ali ndi ufulu wopuma, inde. Koma amene wagula nyumba pafupi ndi bwalo limene lakhalapo kuyambira m'ma 1950 akumbukire kuti wokwatira kwa mphenzi saopa kung'anima.

Tsono inu a makomiti a makalabu, chitanipo kanthu msanga. Patulani magawo momveka: njinga zokhala pa miyeso yeniyeni ya nthawi yake pazokha, zosinthidwa pazokha. A Lansdowne Classic Series aonetsa kale kuti malamulo okhwima pa maonekedwe ndi zipangizo sathawitsa anthu. Ikani chikho chapadera, cholemekezeka kuposa zonse, cha munthu wokwera njinga yake imene amaikonza yekha. Katswiri wolembedwa ganyu alowe, timuonere, koma mapointi a kalabu asawagwire. Tetezani magawo otsika mtengo a Ducati 250 ndi 350, a BSA B50 ndi a Triumph Tiger Cub, chifukwa ndiwo khomo la wachinyamata. Muchepetsereni wachinyamatayo ndalama yolowera, mumuike pafupi ndi wamkulu wodziwa kutchera magineto ndi kusankha jeti ya kabuleta poyang'ana mtundu wa pulagi. Luso limeneli silikhala m'buku. Limakhala m'zala za anthu amene zaka zawo zapitirira 70, ndipo chaka chilichonse ena akuikidwa nalo m'manda.

Inunso osonkhanitsa, ngati mukuikondadi njingayo, thiranimo oilo. Ibwerekeni kwa mnyamata wa kalabu, mukaime kumpanda, mumve mmene imalirira ikamatuluka pakona. Ikagwa idzakonzedwa. Inagwapo kale kambirimbiri inu musanaigule.

Madzulo a Lamlungu bambo uja adzakankhira njinga yake m'vani, oilo ali m'zikhadabo, atamaliza wa nambala 17, akumwetulira ngati wapambana dziko. Lolemba adzakhala ali kuntchito. Iyeyo ndi amene anaitola njingayi pamene aliyense ankaiyesa chitsulo chotayika, ndipo mitengo ikadzagwa, olemera n'kutembenukira ku chidole china, ndi iyeyo amene adzatsale nayo. Mpatseni malo ake pamzere akadali ndi mphamvu yoikankha.