Posita yokongola siyikumbutsa munthu tsiku

Aliyense amene ali m'magulu a WhatsApp a pasukulu akudziwa m'mene zilengezo zimayendera. Bungwe lina lakonza zokambirana, mnzathu wodziwa Canva wapanga posita yowala, ndipo chithunzicho chaponyedwa m'magulu onse nthawi imodzi. Tachiwona, taika kachala kosonyeza kuti tagwirizana nazo. Pofika madzulo chakwiriridwa ndi mauthenga a maliro, otsatsa malonda a mafoni ndi mikangano ya mpira. Tsiku likafika m'holo muli mipando yokhayokha, ndipo okonza akuyamba kudandaula kuti ophunzira a masiku ano alibe chidwi ndi zinthu zaphindu.

Ine dandaulo limeneli sindimalivomereza. Ambiri amene sanabwerewo anafuna kubwera. Chimene chinachitika n'chakuti posita inawasiyira ntchito yonse: kukumbukira tsiku, kulilemba penapake, ndi kudzikumbutsa okha patatha sabata ziwiri, pakati pa mayeso ndi kusaka ndalama ya lendi. Maganizo anga ndi akuti aliyense wolengeza msonkhano, maphunziro kapena tsiku lomaliza kutumiza makalata ofunsira mwayi, ayenera kuika linki yomwe munthu akaidina ilowetse chochitikacho mu kalendala ya foni yake. Ntchito yokumbutsa ibwerere kwa amene akufuna kuti tibwere.

Chinthu chake si chachilendo ngakhale pang'ono. Ndi kafayilo kamene dzina lake limathera ndi .ics, ndipo kalembedwe kake kamatchedwa iCalendar. Malamulo ake anasindikizidwa koyamba mu 1998 m'chikalata chotchedwa RFC 2445, kenako anakonzedwanso mu 2009 mu RFC 5545. Kunena kwina, kafayiloka n'kakakulu msinkhu kuposa ambiri a ife amene tili pa yunivesite lero. Google Calendar, Outlook ndi kalendala ya Apple zonse zimakawerenga. Mukalandira imelo yokuitanani ku msonkhano wa pa Zoom kapena Teams, n'kuona kuti tsikulo lalowa mu kalendala mosavuta, nthawi zambiri ndi kafayilo komweka kamene kagwira ntchitoyo.

Chimene chimandisangalatsa, monga munthu amene maphunziro ake ndi a mabuku ndi zilankhulo osati a makompyuta, n'chakuti mukakatsegula mumapeza mawu wamba oti mutha kuwerenga. Mzere woyamba umati BEGIN:VCALENDAR. Pansi pake pali mzere wa VERSION ndi wa PRODID, kenako BEGIN:VEVENT. Mzere wa SUMMARY umanyamula dzina la chochitikacho, wa LOCATION malo ake, wa DTSTART nthawi yoyambira, wa DTEND yothera. Palinso UID, nambala kapena mawu ozindikiritsa chochitika chimenechi kuti chisasokonezedwe ndi china, ndi DTSTAMP yosonyeza nthawi imene fayiloyo inalembedwa. Mukafuna kuti foni ilire kutatsala ola limodzi, mumawonjezera kachigawo ka VALARM, ngakhale si makalendala onse amene amakalemekeza. Basi. Munthu atha kulemba zonsezi mu Notepad, n'kusunga ndi dzina lothera ndi .ics. Pali timalamulo tina toseketsa, monga koti koma wa m'kati mwa dzina la malo amafuna kamzere kopendekera chammbuyo patsogolo pake, koma timeneti munthu amatiphunzira masana amodzi.

Kwa bungwe lomwe lili ndi webusaiti, ntchito ndi yochepanso. Tsatanetsatane wa chochitika amakhala atalembedwa kale penapake, ndiye wodziwa PHP kapena JavaScript amangolemba kapulogalamu kotenga dzina, malo ndi nthawi n'kuziyala m'mizere ija munthu akadina linki. Seva imauza foni kuti chimene chikubwerachi ndi cha mtundu wa text/calendar, ndipo imachipatsa dzina kuti chilowe ngati fayilo yoti isungidwe. Tili ndi anzathu a sayansi ya makompyuta amene chaka chilichonse amasowa chochita cha pulojekiti, n'kumapanga mapulogalamu akuluakulu omwe palibe adzawagwiritse ntchito. Ichi n'chaching'ono ndipo chingatithandize tonse mawa lomwe.

Koma phindu lalikulu lili pa nkhani ya nthawi za mayiko, ndipo apa m'pamene zinthu zimawawa. Ambiri a ife, makamaka amene atsala pang'ono kumaliza kapena angomaliza kumene, maso athu ali pa mwayi wa kunja: maphunziro aulere, misonkhano ya pa intaneti yofotokoza kafunsiridwe kake, mayeso oyankhulana ndi olemba ntchito. Zimenezi zimalengezedwa pa nthawi ya London, ya New York kapena ya kwina. Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse, ndipo sitisintha mawotchi. Britain amasintha: Lamlungu lomaliza la Malichi amakankhira wotchi kutsogolo ndi ola limodzi, Lamlungu lomaliza la Okutobala amaibweza. Ndiye 12 koloko masana ku London ndi 2 koloko kuno mu Januwale, koma ndi 1 koloko mu Julayi. America nayonso imasintha, koma pa masiku ake: Lamlungu lachiwiri la Malichi ndi Lamlungu loyamba la Novembala. Munthu amene anangoloweza kuti "timasiyana maola awiri" adzafika pa msonkhano anthu akutsanzikana, kapena adzapeza fomu itatsekedwa ola lapitalo, atatha mwezi wathunthu akulemba ndi kupempha makalata a umboni kwa aphunzitsi.

Onjezani vuto la kalembedwe ka tsiku. Wa ku America akalemba 03/04 akutanthauza 4 Malichi, pamene ife timawerenga 3 Epulo. Mu fayilo ya kalendala mulibe mpata wa chisokonezo chotere. Mzere wakuti DTSTART:20260310T070000Z uli ndi tanthauzo limodzi lokha: chaka cha 2026, mwezi wachitatu, tsiku la 10, ola la 7 pa UTC, poti Z wakumapetoyo ndiye chizindikiro cha UTC. Foni ya ku Zomba idzaonetsa 9 koloko m'mawa, ya mchemwali wanu ku Manchester idzaonetsa 7 koloko, ndipo palibe amene wawerengera pa zala. Wolemba athanso kutchula dera, monga Africa/Blantyre, lomwe ndi dzina limene makompyuta amaidziwira nthawi ya kwathu kuno. Choopsa n'kusiya zonse ziwiri, chifukwa pamenepo fayilo imangoti 7 koloko kulikonse kumene foni ili, ndipo msonkhano wa pa intaneti umakhala ndi nthawi zosiyana kwa anthu osiyana.

Pali anzathu enanso amene posita imawasiya kunja, ndipo sitiwaganizira. Wophunzira amene ali ndi vuto la kuona amadalira pulogalamu yomuwerengera zolembedwa pa foni, monga TalkBack. Mawu a mu kalendala imawawerenga bwinobwino, koma mawu ojambulidwa m'chithunzi, okhala ndi zilembo zopindikapindika pamwamba pa mitundu isanu, ndi nkhani ina. Timakonza zokambirana za ufulu wa anthu aulumali n'kuzilengeza m'njira yoti ena mwa eni nkhaniwo adikire wina awawerengere. Komanso kafayiloka sikalemera: nthawi zambiri sikafika ngakhale kilobaiti imodzi kapena ziwiri, pamene chithunzi chimadya zochuluka kwambiri. Kakalowa mu kalendala, kukumbutsako kumachitika ngakhale bandulo itatha. Ndipo amene alibe webusaiti atha kukatumiza pa WhatsApp pomwepo ngati fayilo, pansi pa posita.

Ndikudziwa zimene ena anene. Choyamba, kuti kuno msonkhano wa 2 koloko umayamba 4 koloko, ndiye kulondola kwa mphindi n'kwa chiyani? Yankho langa n'lakuti fayiloyi imakakamiza wokonza kusankha. Posita imalola mawu ngati "masana" kapena "nthawi tidzakuuzani", koma mzere wa DTSTART umafuna tsiku lenileni, ndipo ngati chochitikacho si cha tsiku lonse, umafunanso ola. Wokonza amene walemba ola m'mafoni a anthu makumi asanu amachita manyazi pang'ono kufika mochedwa. Mwina pang'ono chabe, koma kuposa panopa.

Chachiwiri n'chovuta kwenikweni, ndipo sindichipeputsa. Fayilo imene munthu wapanga dawunilodi ndi kope chabe. Malo akasintha, kapena mwambo ukaimitsidwa chifukwa cha maliro kapena magetsi, kalendala ya munthuyo siidziwa, ndipo idzamutumiza ku holo yotseka molimba mtima. Pali njira ziwiri zochepetsera vutoli. Okonza atha kutumiza fayilo yatsopano yokhala ndi UID yomweyo ndi nambala ya SEQUENCE yokwera, kuti makalendala amene amatsata lamuloli asinthe chakalecho m'malo moika chachiwiri. Kapena bungwe litha kupereka linki yolembetsera kalendala yake yonse, yomwe foni imakafunsako yokha nthawi ndi nthawi. Njira yachiwiriyi ndiyo yoyenera zinthu ngati ndandanda ya mayeso, imene imasintha kangapo isanakhazikike, ngakhale kuti makalendala ena amatenga maola ambiri asanaone kusinthako. Za mwadzidzidzi zidzafunabe uthenga wa pa gulu.

Chachitatu, si onse ali ndi foni yamakono, ndipo mafoni ena satsegula fayiloyi mosavuta. N'zoona, n'chifukwa chake sindikunena kuti posita ichoke kapena kuti bolodi la zilengezo ligwetsedwe. Ndikupempha mzere umodzi wowonjezera pansi pa chithunzi. Wokonza aiyese kaye pa foni ya Android ndi pa iPhone asanaitumize, aone ngati ola latuluka lolondola pa zonse ziwiri, ndipo linkiyo ichokere ku adiresi imene anthu akuidziwa kale, chifukwa tatopa nawo malinki olonjeza bandulo yaulere.