ZIDA ZA PA INTANETI ZOKONZERA ZIZINDIKIRO ZA MALONDA A M'MIDZI

Alimi ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa amadandaula kuti uci ndi ciponde cao sizigulidwa msanga m'masitolo a m'tauni ngakhale kuti ndi zabwino. Cimodzi mwa zifukwa zake ndi cakuti katunduyo amafika m'mabotolo opanda cizindikiro. Wogula wa ku Lusaka saona munda umene nshawa zinacokera. Cimene aona ndi pepala lomata pa botolo. Bungwe la COMACO, limene limagula mbeu kwa alimi a m'cigwa ca Luangwa, linazindikira zimenezi, ndipo mpunga wa ku Chama, uci ndi ciponde cake zimadziwika ndi dzina la It's Wild!

Kale nchito yokonza zizindikiro zotere inali ya makampani osindikiza a m'mizinda, ndipo inali yodula. Tsopano zida zambiri za nchitoyi zili pa intaneti, zina mwa izo zaulere. Cimene acinyamata adziwa kwambiri ndi Canva, imene inayambika ku Australia mu 2013. Imaseŵenza ngakhale pa foni ya m'manja: munthu amasankha citsanzo cokonzedwa kale ndi kusintha mau ndi mitundu yake. Bvuto lake ndi lakuti imafuna netiweki, ndipo kumudzi ndalama ya mabando siipezeka tsiku lililonse.

Cifukwa ca ici, ife tiona kuti magulu a makopaletivu amene ali ndi kompyuta angacite bwino kutenga GIMP, yokonzera zithunzi, ndi Inkscape, imene inayamba mu 2003. Zonse ziwiri ndi zaulere, ndipo zikangoikidwa m'kompyuta sizifunanso intaneti. Ubwino wa Inkscape ndi wakuti cizindikiro cojambulidwa m'menemo cingakulitsidwe kucokera pa kabotolo kufikira pa cikwangwani ca sitolo popanda kuwonongeka maonekedwe ake. Zilembo zokongola zimapezeka kwaulere ku Google Fonts, koma wolemba Cinyanja ayambe wayesa ngati mtundu umene wasankha uli ndi cilembo ca ŵ.

Pa nkhani ya zithunzi ndi pamene pafunika kucenjera. Anthu ambiri amaganiza kuti cithunzi ciliconse cimene caoneka pa Google kapena pa Facebook cilibe mwini. Sizili tero. Lamulo la dziko lino loteteza zolemba ndi zojambula za anthu, la mu 1994, limaletsa kutenga nchito ya wina popanda cilolezo. Pali malo monga Wikimedia Commons, imene inatsegulidwa mu 2004, kumene eni ake analoleza kale kuti zithunzi zao zigwiritsidwe nchito. Komabe zambiri mwa izo zimafuna kuti dzina la wojambula lilembedwe.

Ndipo kunena zoona, zithunzi zambiri za m'malo amenewa ndi za maiko akutali. Botolo la uci wa ku Petauke lokhala ndi maluwa a ku Ulaya lingauze wogula ciani? Cithunzi ca ming'oma ya gululo, cojambulidwa bwino ndi foni, cingagwire nchito koposa, malinga ngati anthu amene aonekamo avomereza.

Cizindikiro cikatha kukonzedwa, gulu likacilembetse ku PACRA, bungwe la Boma lolembetsa makampani ndi zizindikiro za malonda, kuti wina asadzagulitse katundu wake ndi dzina lomwelo.