Webusaiti ya amalume ikali kugulitsa chipinda pa K120,000

Mu Ogasiti chaka chatha, mnzanga wa ku Chawama anandiuza kuti afuna kukaona Kulamba ndi maso ake. Anatopa nako kuonera Gule Wamkulu pa mafoni a anthu. Ine ndinamuuza kuti za pogona asavutike, amalume anga ali ndi kanyumba ka alendo ku Katete: zipinda 8, madzi otentha m'mawa, nkhuku ya kumudzi madzulo. Dzina la malowo ndinamupatsa, koma nambala ndinaiwala. Iye, poti ni mwana wa manje, analemba dzinalo pa Google.

Patapita ola limodzi ananditumira foni akuseka.

"Iwe, amalume ako ni a State House kapena? Chipinda chimodzi K120,000 usiku umodzi?"

Ndinatsegula ndekha. Zoonadi, mtengo unali pamenepo, wolembedwa ndi zilembo zofiira. Webusaitiyo inapangidwa mu 2012, ndalama yathu isanachotsedwe maziro atatu pa 1 Januwale 2013. K120,000 ya nthawi ija ni K120 chabe. Zaka zoposa 10 zapita, mitengo ya zipinda yakwera kangapo, koma pa intaneti amalume akali mu ndalama yakale. Mnzanga anatuma pa nambala imene inali pansi pa tsambalo. Anayankha mayi wina wa ku Kitwe, amene Katete sanaiponde n'komwe. SIM ija amalume anaitaya kalekale, ndipo nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imapatsa munthu wina. Mayiyo ati chaka chilichonse Ogasiti ikafika, foni yake siipuma: anthu a ku Lilongwe, a ku Tete, onse afuna chipinda.

Ganizani bwino pamenepa. Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndiyo sabata imene aliyense wokhala ndi bedi ku Katete amapanga ndalama ya chaka. Sabata imeneyo makasitomala a amalume anali kutumira mayi wa ku Copperbelt.

Nditawauza, amalume anakhala chete pang'ono, kenako anati: "Ndiye chifukwa chake kamnyamata kaja kanena kuti tigwetse zonse tiyambe zatsopano." Kunali kutabwera kale mnyamata wina wa laputopu, wolankhula bwino, amene anawalonjeza webusaiti yatsopano ya vidiyo yojambulidwa kumwamba, mapiri a Mphangwe akuoneka kumbuyo, nyimbo ikulira munthu akangotsegula. Mtengo K6,000. Amalume anali atayamba kale kuwerenga matumba a soya.

Apa m'pamene ndifuna tikambirane, inu a mabizinesi ang'onoang'ono, chifukwa anyamata a malaputopu achuluka, ndipo ena mwa inu amene muwerenga pano ndinu anyamata amenewo. Sindidana nanu, ntchito ni ntchito. Koma denga likadontha pakona imodzi, munthu sagwetsa nyumba. Amakwera ndi lata limodzi ndi misomali. Mtengo wolakwa ndi nambala yakufa ni lata limodzi: ntchito ya mphindi 10 kwa munthu amene ali ndi pasiwedi. Kupanganso webusaiti yonse ni kugwetsa nyumba, ndipo kufunika chifukwa chachikulu kuposa kutopa ndi mtundu wa penti, kapena kuona kuti loji ya aneba yaika zithunzi zoyendayenda.

Nanga mudziwa bwanji kuti nyumba yafika pogwetsa? Ine njira yanga ni yotchipa. Pitani pa Katete Stores, pezani munthu amene sadziwa bizinesi yanu, kaya mnyamata wa njinga yamoto kaya mayi wa mu buthi ya mobile money. Mugulireni ka bundle ka K5. Muuzeni kuti pa foni yake, osati yanu, apeze zinthu zitatu: mugulitsa chiyani ndipo pa zingati, muli pati, ndi nambala yoti atume. Inu khalani chete, manja kumbuyo, muzingoona.

Tinachita zimenezi ndi webusaiti ya amalume. Mnyamata amene tinamupempha anayembekeza, nayembekeza. Chithunzi choyamba chinatsika pang'onopang'ono ngati katani ya m'chipinda, poti zithunzi zinaikidwa zazikulu monga mmene zinachokera mu kamera. Zilembo zinali zazing'ono ngati nyerere, mpaka azikoka ndi zala ziwiri. Pamwamba foni inalemba "Not secure", chenjezo limene Chrome inayamba kuika mu 2018 pa mawebusaiti onse opanda chitetezo cha https. Mnyamatayo anandiyang'ana nati: "Bwana, ivi si vija vakuba ndalama mu foni?" Anatseka. Ndikanakhala ine, nanenso ndikanatseka.

Chimenechi ndicho chifukwa chenicheni chopangiranso. Webusaiti ya 2012 inapangidwira munthu wokhala pa desiki, kompyuta patsogolo, mu intaneti kafe. Kasitomala wa lero ali mu basi pakati pa Nyimba ndi Petauke, netiweki ikubwera n'kupita, batire ili pa 12, bundle ikutha. Ngati tsamba lanu silikwana pa foni yake, ngati nambala yanu sangaidinde chabe n'kulira, ndiye kuti maziko ndiwo olakwa. Pamenepo lata limodzi silithandiza.

Koma vuto lalikulu la amalume silinali zithunzi. Nditawafunsa kuti pasiwedi ili kuti, anandiyang'ana ngati ndawafunsa nambala ya ndege.

"Pasiwedi ya chiyani? Zonse adziwa ni mnyamata uja anapanga."

Mnyamata uja anali pa koleji ku Chipata nthawi imeneyo. Manje ali ku migodi ku Solwezi, ali ndi mkazi ndi ana. Chaka chilichonse amatumiza meseji imodzi: "Amdala, ya renewal." Amalume amatumiza ndalama, iye amalipira, webusaiti imakhalabe moyo ndi bodza lake lomwelo. Sindinena kuti ni wakuba, iyayi, ndalama amalipiradi. Koma dzina la webusaiti, lija limatha ndi .com kapena .zm, analembetsa pa imelo yake. Mwa malamulo a pa intaneti, chikwangwani cha amalume ni chake.

Ambiri sadziwa kuti dzina la webusaiti sugula ngati njinga. Umachita lendi, chaka ndi chaka. Malo osungirako zithunzi ndi mawu, amene amatcha hosting, nawonso ni lendi ina. Mukaleka kulipira, patapita nthawi dzina limagwa, ndipo aliyense angalitole, ngakhale a njuga za pa intaneti. Maina a .zm ali m'manja mwa ZICTA, a .com mumagula kwa makampani ambirimbiri akunja ndi a kuno. Kulikonse kumene mungagule, funso ni limodzi: lalembedwa m'dzina la ndani? Inu amene munavutika kukalembetsa bizinesi ku PACRA m'dzina lanu, musalole kuti dzina lomwelo pa intaneti likhale pa imelo ya mwana wa aneba. Ngati mwini pasiwedi wasowa kapena akana nayo, chimenecho chokha chikwana kuti muyambe zatsopano, ngakhale webusaiti ikhale yokongola bwanji. Nyumba imene kiyi yake ili ku Solwezi si yanu.

Palinso nthawi imene bizinesi yasintha koma tsamba latsala kumbuyo. Munayamba ndi kugulitsa mbewu ndi feteleza, manje mukama mafuta a mpendadzuwa ndipo mufuna mashopu a ku Lusaka akudziweni. Munali ndi zipinda zogona chabe, manje muli ndi holo ya misonkhano ndipo mufuna mabungwe azichitira mawekishopu kwa inu. Kasitomala watsopano amabwera ndi mafunso atsopano: holo ilowa anthu angati, magetsi akapita muli ndi sola kapena jenereta, mupereka risiti yokhala ndi TPIN? Pambuyo pa mdima wa 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo tinali kugona ndi kudzuka opanda malaiti, mawu oti "tili ndi sola" akoka munthu kuposa chithunzi chilichonse cha maluwa.

Ndipo tinene zoona, ambiri a inu webusaiti simuifuna n'komwe. Mayi wa saluni ku Sinda, mnyamata wowotcherera mageti, wogulitsa salaula, mwini kantemba: kasitomala wanu amakupezani ndi miyendo, kapena amamva kwa mnzake. Kuno kwathu anthu ambiri anadziwa Facebook asanadziwe kuti intaneti ili ndi zinthu zina. Kumbukirani kuti Zambia ndilo dziko loyamba kumene Facebook inayambitsa pulogalamu yake ya Internet.org, mu 2014, pamodzi ndi Airtel. Peji ya Facebook yokhala ndi mitengo ya mwezi uno, WhatsApp Business yokhala ndi zithunzi za katundu, ndi kachizindikiro pa Google Maps koonetsa pamene shopu ili, zonsezi n'zaulere, ndipo mungazikonze nokha muli pa mpando wa shopu. Munthu akabwera kukuuzani kuti popanda webusaiti bizinesi yanu siili "serious", mufunseni kuti kasitomala uti amene anabwerera pakhomo chifukwa chosowa .com.

Amene afunika webusaiti ni uja amene kasitomala wake ali kutali ndipo samudziwa. Dokotala wochokera kunja amene abwera kudzagwira ntchito miyezi ingapo ku St Francis. Mlendo wopita ku Mozambique kudzera pa Chanida amene afuna pogona usiku umodzi. Ofisala wa bungwe ku Lusaka, pafupifupi makilomita 500 kuchoka pa Katete, amene bwana wake wamuuza kuti apeze malo atatu ndi mitengo yake isanakwane 16 koloko. Anthu amenewa sangafunse mnyamata wa njinga. Amakhulupirira zimene aona pa sikirini, ndipo akaona mtengo wa 2012 amaganiza kuti malowo anatsekedwa kale.

Za nthawi. Amalume anafuna kuti ntchito iyambe pomwepo, masabata awiri Kulamba isanafike. Ndinawaletsa. Webusaiti yatsopano imabwera ndi matenda ake: batani losagwira, mapu oloza ku munda wa munthu, Google yosokonezeka masiku angapo chifukwa masamba akale asowa. Simusintha injini ya minibasi pa 24 Disembala. Mwezi wa phindu, konzani chabe chimene chikunama, nambala ndi mtengo, basi. Ntchito yaikulu ichitike mvula ili pakati, Januwale kapena Febuluwale, pamene anthu ali kumunda ndipo zipinda zili zii. Ndidziwa, imeneyo ndiyonso miyezi imene thumba limakhala lopepuka. Ndiye patulani ndalamayo nthawi ya malonda a soya ndi nshawa, muisunge, osati kukatenga kaloba chifukwa cha vidiyo ya kumwamba.

Vidiyo imeneyo, mwa njira, ndiyo inandipsetsa mtima. Amalume anaikonda kwambiri. Ndinawafunsa kuti ndani adzalipira bundle yoti ionetse. Kasitomala. Ndiye mufuna munthu alipire kuti aone denga lanu kuchokera kumwamba, pamene iye afuna kuona ngati chimbudzi chili mkati kapena panja? Jambulani bedi, jambulani bafa, jambulani geti mmene ionekera munthu akachokera ku Great East Road. Zithunzi zisanu zoona, zopepuka. Wopanga webusaiti wabwino adzakufunsani za makasitomala anu asanakuonetseni mitundu. Akayamba ndi mitundu, gwirani chikwama.

Musanapereke ngakhale ngwee, mugwirizane pa pepala: dzina ndi hosting zilembedwe pa imelo yanu, mapasiwedi onse akupatseni tsiku lomaliza ntchito, akuuzeni lendi ya chaka ni zingati ndipo ilipiridwa mwezi uti, ndipo akuphunzitseni kusintha mtengo nokha pa foni yanu. Musamulipire yomaliza musanasinthe mtengo umodzi ndi chala chanu iye akuona. Theka poyamba, theka pomaliza, monga mmene mumachitira ndi bilikileya.

Kwa amalume zinatha motere. Tinamutumira wa ku Solwezi, mwaulemu, poti munthu amene ali ndi kiyi yako sumukalipira. Zinatenga masabata atatu ndi ka talk time, koma anasamutsa dzina. Usiku womwewo mdzukulu wawo wa Giredi 11 anasintha nambala ndi mtengo. Mu Febuluwale mnyamata wa laputopu uja anabweranso, ndipo anapanga tsamba limodzi chabe: zithunzi, mitengo, mapu, ndi batani lobiriwira la WhatsApp. Vidiyo inachoka, nyimbo inachoka, mtengo wake unatsika kufika pa theka. Sanakondwe kwenikweni, koma amalume anamutumizira anzawo awiri.

Ine ndinamutumiranso mayi wa ku Kitwe uja kukapepesa. Anaseka, ati anali atazolowera, mpaka anayamba kuwauza anthu kuti zipinda zadzaza kuti aleke kumuvuta.

Mwezi watha ndinadutsa pa Katete. Chikwangwani cha pamsewu, chija cha penti yabuluu, chikali ndi nambala ya mayi wa ku Kitwe. Amalume ati wopenta adzabwera akagulitsa soya.