Kodi Tikudikira Maliro?

Pogwira ntchito ya boma ndayenda m'midzi yambiri ya kwa Ndamera ku Nsanje, mpaka kumalire a Marka. Tsiku lina tikulemba mayina a olandira thandizo, ndinapeza agogo ena aakazi ali okha pakhonde, akusenda nyika za ku dambo la Ndindi. Nditawafunsa chomwe akusowa, sanatchule ufa. Anati, "Mwana wanga, takhalani pansi ticheze. Patha sabata ndikungoyankhula ndi nkhuku."

Okalamba otere ndi ambiri m'chigwa cha Shire. Ana awo ali ku minda ya nzimbe ku Nchalo, ena ku Blantyre kapena ku Joni. Madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy wa 2023 anabalalitsanso mabanja.

Ena amati kusamala okalamba ndi udindo wa boma. Inde, pali Mtukula Pakhomo amene anayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Zonsezi nzabwino. Koma kodi lamulo lingakatunge madzi ku mjigo? Kodi ndalama ingagogode pachitseko mmawa kufunsa ngati agogo adzuka bwino?

Tisaiwale kuti nkhalamba yosayenderedwa ndiyo imayamba kulozedwa chala kuti ndi mfiti. Ku Neno mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi. Munthu amene mumadya naye nsima simungamutolere mwala.

Mlandu waukulu uli ndi ife ophunzira. Tazoloweretsa anthu kuti kudzipereka kumayendera alawansi ndi njinga ya bungwe, moti ukauza achinyamata kuti akazire nyumba ya agogo amayamba afunsa kuti muli zingati. Chonsecho agogo omwewo akamwalira mudzi wonse umakhamukira kusiwa, adzukulu nkukumba manda, amayi nkuphika, kwaya nkuchezera usiku wonse. Nthawi imene inkasowa ali moyo yapezeka kuti?

Mafumu, mipingo, mizikiti ndi magulu a banki mkhonde, kalozera wa maliro muli naye kale. Lembaninso wina wa amoyo: lero uyu akatole nkhuni, mawa uyo akawaperekeze kuchipatala, mkuja wina akangocheza nawo. Ntchito imeneyi sifuna thandizo la kunja. Amene tili ndi zaka za m'ma 40 tikumbukire kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.