Geography tiyambire pa phiri lathu

Anzanga, teremu ino tikuphunzira mapiri, mitsinje ndi zigwa za mu Africa. Ine ndinaloweza kuti phiri la Kilimanjaro ndi lalitali mamita 5,895. Koma aphunzitsi atandifunsa kuti Rift Valley n'chiyani, ndinangoti kukamwa yasa. Manyazi ake!

Loweruka lapitali ndinaperekeza amalume ku Salima. Titadutsa pa Mvera tinangotsetsereka, makutu kutseka, thukuta kuyamba. Amalume anati, "Tatsikira kuchigwatu." M'pamene ndinazindikira kuti Rift Valley ija ndi yomweyi. Nthaka inang'ambika n'kutitimira, madzi n'kudzaza pansi pake kukhala Nyanja ya Malawi. Chigwachi chimafika mpaka ku Ethiopia. Ife a ku Dowa ndi Ntchisi timakhala m'mphepete mwake, koma tikuchifunafuna m'buku limodzi lolimbirana gulu lonse.

Ndiye aphunzitsi athu, ndikupempha kuti mutu umenewu tiziyambira panja. Lachisanu masana tikwere kaphiri ka kuseri kwa sukulu, tione komwe madzi a mvula amalowera. Mutiuze chifukwa chake nkhalango ya paphiri la Ntchisi imakhala yobiriwira chaka chonse pomwe kwathu kwauma gwa. Tikabwerera m'kalasi tilondole pamapu Bua mpaka m'nyanja, Shire mpaka mu Zambezi. Tikatero, Nile ndi Congo sizingativute.

Ena akuti nthawi yachepa, JCE yayandikira. N'zoona. Komatu zoloweza zimathawa ukangolandira pepala la mayeso, pomwe zoona ndi maso zimakhala. Ulendowu sufunanso ndalama ya thiransipoti, ndi miyendo basi. Amene mukugwirizana nane, tikumane pa buleki tikapemphe limodzi.