Bowa wochiza matenda okhumudwa? Tisaombe m'manja msanga

Anzanga, asayansi akuyesa kuchiza matenda okhumudwa ndi psilocybin, mankhwala opezeka mu mitundu ina ya bowa. Ine ndikuti kafukufukuyu apitirire, koma nthawi yovina sinakwane.

Psilocybin akafika mu ubongo amakakhala pamalo ena polandirira serotonin, kemikolo yonyamula mauthenga pakati pa maselo a ubongo. Kwa maola angapo munthu amaona ndi kumva zinthu zachilendo. N'chifukwa chake pa kafukufuku wodwala amamwa akatswiri ali pambali pake, ndipo amakambirana nawo asanamwe komanso atamwa.

Mu 2022 kampani ya COMPASS Pathways inatulutsa zotsatira za odwala 233 omwe mankhwala ena anali atalephera kuwathandiza. Patatha masabata atatu, pafupifupi 29 pa 100 alionse mwa omwe anamwa mamiligalamu 25 analibenso zizindikiro za matendawa, pomwe mwa omwe anamwa miligalamu imodzi anali pafupifupi 8 okha. Eetu, si zocheza. Komabe mu 2021, ku Imperial College London, atayerekeza psilocybin ndi escitalopram, mankhwala odziwika kale a matendawa, pa odwala 59, muyezo waukulu sunaonetse wopambana.

Chondidetsa nkhawa ndi ichi. Kafukufuku wabwino amafuna kuti wodwala asadziwe ngati wapatsidwa mankhwala enieni kapena ongoyerekezera. Nanga munthu amene akuona makoma akugwedezeka angalephere bwanji kudziwa? Akadziwa, chiyembekezo chokhacho chingamupepuze mtima, pomwe mnzake amene wazindikira kuti wamanidwa amagwa ulesi. Ndiye gawo lina la kusiyana kuja lingakhale la chiyembekezo, osati la mankhwala. Onjezani apo kuti ena anamva mutu ndi nseru, ena anali ndi maganizo ofuna kudzipha, ndipo amene anadwalapo misala salowetsedwa n'komwe m'kafukufuku wotere.

Dziko la Australia linalola madokotala ena a matenda a maganizo kupereka psilocybin kuyambira mu July 2023. Kwa ine, anafulumira. Odwala ambiri atsatiridwe kaye kwa nthawi yaitali.

Tsono pasapezeke wokazula bowa wosamudziwa kutchire ati akudzichiza, wina amapha. Ngati mtima wanu wakhala wolemera kwa masabata, uzani makolo kapena aphunzitsi, mupite kuchipatala. Chithandizo chotsimikizika chilipo kale.