MUSAWERUZE FISI MUSANAONE MAPAZI

Alimi anzathu a m'boma la Dedza, palibe mwini ziweto amene sadziwa kuwawa kwa kudzuka mbandakuca ndi kupeza khola lothyoka, mbuzi imodzi palibe, pansi pali mwazi wokha. Mbuzi ndiyo nkhokwe yaciwiri ya mlimi. Ndiyo timagulitsa pofuna fetereza wa cimanga, ndiyo imalipirira mwana ku sukulu ndalama za fodya zisanafike, ndiyonso timapha pa maliro ndi pa ukwati. Cotero sitidabwa kuti munthu wotayikidwayo amakwiya, ndi kuti mau oyamba kuturuka m'kamwa mwace amakhala akuti, "Ndi fisi."

Mau athu lero ndi awa: mlandu wa m'khola uziweruzidwa monga mlandu wa pabwalo la mfumu. Mfumu yanzeru sigamula isanamve mboni, ngakhale woimbidwa mlanduyo akhale munthu wa mbiri yoipa. Mboni za m'khola ziripo zitatu, ndizo dothi, cikopa ca nyama yakufayo, ndi khola lenilenilo. Zimenezi sizinama, koma sizikhalitsa. Dzuwa likakwera ndi anthu akapondaponda, umboni wao watha.

FISI ALIPODI

Sitikuti fisi ndi wosalakwa ai. Dziko lathu lino ndi la mapiri ndi mapanga. Ku Chongoni, ku phiri la Dedza, ku Mphunzi, ku Dzalanyama, ndi m'matsitso opita ku Mua ndi ku Golomoti, fisi ali ndi pobisala pambiri. Nkhalango zikucepa cifukwa ca makala, nkhuni ndi mitengo ya zigafa, ndipo agwape ndi akalulu amene iye ankadya atha ndi misampha. Cirombo ca njala cimatsikira kumudzi. Ndiponso mbiri ya dziko lino itikumbutsa kuti fisi saopsa ziweto zokha. M'boma la Mulanje, kuyambira caka ca 1955, afisi anapha anthu 27 pa zaka zowerengeka, ambiri a iwo atagona pakhonde m'nyengo yotentha. Ku Dowa m'caka ca 2003 cirombo cina cinapha anthu atatu ndi kubvulaza ena 16, kotero kuti anthu zikwi zingapo anathawa m'midzi mwao kukagona pa boma. Akuru oyang'anira nyama za m'thengo ananena kuti anali fisi waciwewe, koma anthu ambiri sanabvomere, ndipo mphekesera zinacuruka koposa umboni.

Koma fisi ali ndi khalidwe limene limamtengera mirandu ya eni ace: amadya cimene wapha yekha, amadyanso cimene wangocipeza cakufa. Mbuzi ikafa ndi nthenda kudambo, iye amafika. Agaru akapha nkhosa ndi kuisiya, iye amafika. Wakuba akasendera mbuzi kuthengo ndi kutaya matumbo, iye amafikanso. M'mawa mwace anthu amaona mapazi ace nati mlandu watha. Kupezeka pa maliro sikupha munthu.

MTENGO WA KUWERUZA MOLAKWA

Wina adzati, "Mbuzi yapita kale; kudziwa amene waipha kundibwezera ciani?" Sikudzabweza imene yapita, koma kudzasunga zimene zatsala, pakuti mdani aliyense ali ndi mankhwala ace. Ngati akupha ndi agaru a m'mudzi momwemo, mungathe kusaka afisi phiri lonse, mbuzi zidzapitirira kufa. Ngati ndi wakuba, iye amakondwa kumva mudzi wonse ukutukwana fisi. Ngati ndi nthenda, khola lonse lidzatha inu mukunola mikondo.

Kuweruza molakwa kumabalanso zoipa zina ziwiri. Coyamba ndi ciphe. Munthu wokwiya amathira mankhwala onga tameki pa nyama yotsalayo ndi kuisiya kuthengo. Nyama yotere sisankha woidya. Amafa ndi agaru a mnansi, amphaka, miimba ndi nkhandwe, ndipo nthawi zina mwana woweta mbuzi amaitola kukaocha. Malamulo a dziko oteteza nyama za m'thengo, amene anakhazikitsidwa mu 1992 ndi kukhwimitsidwa mu 2017, amaletsa kupha nyama ndi ciphe.

Caciwiri ndi udani. Tonse tidziwa zimene zimanenedwa m'midzi, kuti fisi wina ndi woweta, wotumidwa ndi munthu. Mapazi akapanda kuonedwa bwino, maso amatembenukira kwa nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi, ndipo mabanja amene akhala pamodzi cibadwire amaleka kupatsana moto. Lamulo la 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti. Ife tionjezapo kuti phazi la fisi wa m'phanga limaoneka poyera pa dothi, ndipo amene walitsata mpaka kuphiri sakhalanso ndi cifukwa coloza mnzace cala.

MBONI YOYAMBA: DOTHI

Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mukapeza ciweto cafa kapena casowa, letsani ana ndi agaru kufika pamalopo. Yambani kuyang'ana muli capatali, ndipo zungulirani pang'ono pang'ono. Phazi looneka bwino libvundikireni ndi mbale kapena lichero, kuti ena adzalionenso.

Phazi la fisi liri ndi zala zinai zothinana, zopindika monga nyemba, ndi zikhadabo zobuntha zooneka patsogolo. Phazi lace lakutsogolo limaposa lakumbuyo kukula, ndipo cikhatho cace cimagawika pawiri kumbuyo. Pafupi ndi njira yace mudzapeza cimbudzi cace, cimene cikauma cimayera ngati njereza cifukwa ca mafupa amene amadya.

Phazi la nyalugwe, amene ena amati kambuku, ndi lobulungira, ndipo silionetsa zikhadabo, pakuti iye amazibisa poyenda monga mphaka wa panyumba. Cikhatho cace cimagawika patatu kumbuyo. Phazi la njuzi ndi la bvumbwe ndi lofanana nalo, koma laling'ono. Phazi la garu limaonetsa zikhadabo monga la fisi, koma ndi locepa, ndipo kawiri kawiri mudzaona mapazi a agaru angapo a misinkhu yosiyana atasokonezana. La nkhandwe ndi laling'ono ndi losongoka. Ndipo musaiwale kuyang'ana phazi la munthu, la nsapato, ndi mkwasa wa matayala a njinga.

Za mkango ndi mimbulu tinene mwacidule. Zirombo zimenezi zinasowa kwambiri m'dziko muno, kotero kuti mikango anacita kuibweretsanso ku Majete mu 2012 ndi ku Liwonde mu 2018, ndipo mimbulu anaibweretsa ku malo awiri omwewo mu 2021. Onsewa ndi malo ochingidwa ndi mpanda, kutali ndi Dedza. Munthu akanena za mkango, aonetse phazi lopanda zikhadabo, lalikuru ngati dzanja la mwamuna wamkuru atalitambasula.

MBONI YACIWIRI: CIKOPA

Musanagwire mpeni, yang'anani nyamayo bwino. Ngati iribe bala, koma yatupa msanga ndipo mwazi wakuda wosaundana ukuturuka m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, musaisende, musaidye, musapatse agaru. Imeneyo ingakhale nthenda ya anthrax, imene imapha ndi anthu omwe, ndipo mbeu zace zimakhala m'dothi zaka zambiri. Itanani mlangizi wa ziweto msanga.

Ngati mabala alipo, sendani cikopa mosamala kuyambira pakhosi, mutabvala mapepala a pulasitiki m'manja. Apa ndipo pali cinsinsi cacikuru ca nkhani yonseyi. Nyama yolumidwa iri moyo imakhala ndi mwazi woundana ndi mnofu wakuda kunsi kwa cikopa, pozungulira pamene dzino linalowa, cifukwa mtima unali kugundabe. Nyama yolumidwa itafa kale siikhala ndi zimenezi. Dzino limangoboola, mnofu uli mbuu. Cotero mukapeza mbuzi yodyedwa theka koma kunsi kwa cikopa kulibe mwazi woundana, dziwani kuti cirombo cinangodyako, wakupha ndi wina.

Kenaka onani malo a mabalawo ndi kadyedwe kace. Nyalugwe amagwira pakhosi kapena pambuyo pa khosi ndi kutsamwitsa. Amasiya mabowo anai akuya, ndi zikhadabo pa mapewa kapena pamsana. Amakokera nyama pa zitsamba, pa miyala kapena mu mtengo, amaika cifu pambali, ndipo amabweranso usiku wotsatira. Nchito yace ndi yaudongo. Fisi amagwira pali ponse, makamaka pamimba ndi kumatako, amang'amba, amaphwanya mafupa akuru amene garu sangawathe, ndipo mbuzi yaing'ono amapita nayo yonse, osasiya kanthu koma nyanga, ziboda ndi mkwasa wa pamene anaikhwekhwereza. Agaru amathamangitsa gulu lonse, amaluma miyendo, makutu ndi mphuno, amabvulaza ziweto zambiri nthawi imodzi, koma amadya pang'ono. Ndipo amacita izi ngakhale dzuwa liri pamutu. Nkhandwe imalimbana ndi ana a mbuzi ndi nkhuku. Mano ace amasiya timabowo tating'ono toyandikana, imadya zofewa za m'mimba, mafupa akuru osawakhudza. Wakuba amasiya cikopa codulidwa mowongoka, pakuti palibe cirombo cokhala ndi mpeni.

Pa nkhuku napo mpofunika kusiyanitsa. Anapiye osowa masana, mmodzi mmodzi, ndi nchito ya kabawi kapena mphamba. Nkhuku zambiri zolumidwa pakhosi usiku umodzi m'khola ndi nchito ya kanyama kolowa pa kabowo, monga bvumbwe kapena likongwe. Koma nkhuku zoodzera, zopinda khosi ndi kufa motsatizana, imeneyo ndi citopa, ndipo mankhwala ace ndi katemera, si msampha.

MBONI YACITATU: KHOLA

Khola limanena za cirombo, limanenanso za mwini wace. Fisi amakumba pansi, kapena amazula ndi kuluma mitengo yofumbwa. Nyalugwe amalumpha pamwamba, ndipo ubweya wace umatsalira pa mitengo. Kanyama kakang'ono kamalowa pa mpata umene inu mumauyesa wacabe. Koma citseko cotsekulidwa bwino bwino, ndi cingwe comasulidwa kapena codulidwa, zimenezo ndi zala za munthu.

Tinene zoona: ziweto zambiri sizifera m'khola. M'dzinja, cimanga ciri m'munda, timamanga mbuzi pa zingwe kudambo, ndipo mwana akacedwa kukazitenga zimapezedwa ndi mdima zitamangidwa, zosatha kuthawa. M'cirimwe, titakolola, timazitayirira, ndipo zina zimagona kunja sabata lathunthu mwini wace osaziwerenga. Ndiponso timataya ziweto zakufa ndi zotsala za pophera nyama kudzala, kumene ndi kuitana fisi ndi kumphunzitsa njira ya kumudzi.

MDANI ALIYENSE NDI MANKHWALA ACE

Mukadziwa wakupha, cocita cimadziwika cokha. Ngati ndi fisi, mangani khola la m'mwamba la mitengo yolimba, lotalika kufika m'ciuno mwa munthu, la citseko cokhoma. Khola lotere limacepetsanso njoka za m'mimba mwa mbuzi, ndipo manyowa ogwera pansi pace ndi cakudya ca cimanga canu. Khola la ng'ombe likhale la mitengo yothinana yozikika mozama, ndipo ana a ng'ombe agone pa malo ofolera. Ngati ndi nyalugwe, folerani pamwamba ndipo dziwitsani a Dipatimenti yoona za nyama za m'thengo. Musamlondole nokha, pakuti nyalugwe wobvulala ndi woopsa koposa. Kumbukiraninso kuti iye amadya anyani ndi nguluwe, adani a cimanga canu.

Ngati ndi agaru, nkhaniyo ndi ya kwa a mfumu: eni ace awamange, awadyetse, ndi kuwabayitsa katemera wa ciwewe caka ndi caka. Cirombo ciri conse cimene cafika m'mudzi masana cosaopa anthu, ciruma ciri conse cimene cakumana naco, ciyeseni caciwewe. Munthu akalumidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti ciwewe cikayamba kuoneka mwa munthu sicicizika. Ngati ndi wakuba, nkhaniyo ndi ya apolisi.

Kwa nyakwawa ndi magulupu a kwa Kachere, kwa Kaphuka, kwa Kasumbu, kwa Kamenyagwaza, kwa Kachindamoto ndi madera ena onse, pempho lathu ndi ili: mudzi uliwonse usankhe anthu awiri kapena atatu odziwa mapazi, makamaka akuru amene anali alenje, kuti aziitanidwa ciweto cikafa, ndi kuti aphunzitse anyamata nzeru imeneyi isanapite nao kumanda. Pakhale kabuku kolembamo tsiku, malo, ciweto ndi zizindikiro zimene zaoneka. Mutu umodzi susenza denga, ndipo a Boma amafulumira kuthandiza mudzi umene wabwera ndi umboni wolembedwa koposa umene wabwera ndi mphekesera. Nao alangizi a ziweto ndi oyang'anira nyama tiwapempha kuti akaitanidwa azifika msanga, pakuti phazi la m'mawa silidikira madzulo.

Tsono, alimi anzathu, ciweto cikafa musathamangire mkondo, musathamangire ciphe, musathamangire kuloza mnzanu. Yambani mwawerama ndi kufunsa dothi, funsani cikopa, funsani khola. Ndipo madzulo ano, dzuwa lisanalowe, werengani mbuzi zanu ndi kukhoma citseko.